Mwana wothandiza pabenchi aphunzire kuphwanya mtengo asanachulukitse

Masana sukulu zikaweruka, komanso nthawi ya holide, si zachilendo kupeza mwana wa Sitandade 4 kapena 5 atakhala pabenchi ya tomato, mazira kapena mandasi ku Bwandilo ndi m'mbali mwa misewu ya ku Area 47. N'chimodzimodzinso ku Mtandire, Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25. Mwini geni amakhala wathamangira kukaoda katundu ku Tsoka kapena ku Mgona, mwinanso wapita kukatereka mphika, ndipo kwa ola limodzi kapena awiri mpamba wonse umakhala m'manja mwa mwanayo.

Kasitomala akagula chinthu chimodzi palibe vuto. Zimavuta akafuna zinthu zingapo za mtengo umodzi, monga mabanzi 7 pa K350 lililonse. Mwana wina amayamba kuwonkhetsa K350 kasanu n'kawiri, n'kusokonekera ali pakati. Wina amafunafuna foni, wina amangovomera mtengo umene kasitomala watchula. Madzulo powerengera, ndalama imakhala yaperewera, mwana n'kukalipidwa ngati waba, chonsecho ndi samu imene yamuvuta.

Pali njira imodzi yomwe imathetsa vutoli, ndipo amalonda ambiri amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndi phunziro la kusukulu. Njirayo ndi kuphwanya nambala yovuta kukhala zigawo zosavuta, kuchulukitsa chigawo chilichonse pachokha, kenako n'kuwonkhetsa mayankho. M'mabuku a masamu a Chingerezi lamuloli amalitcha distributive property. Mitengo yonse m'nkhaniyi ndi yongoyerekeza, choncho aliyense aikepo mitengo ya pabenchi pake.

Mmene lamuloli limagwirira ntchito

Wogulitsa wozolowera akamva mabanzi 7 pa K350 sawonkhetsa kasanu n'kawiri. M'mutu mwake amaphwanya K350 kukhala K300 ndi K50. Akatero amati 7 kuchulukitsa ndi K300 ndi K2,100, ndipo 7 kuchulukitsa ndi K50 ndi K350. Zonse pamodzi ndi K2,450.

Polemba zimaoneka motere: 7 × 350 = 7 × 300 + 7 × 50 = 2,100 + 350 = 2,450.

Mawu akuti kuphwanya mwana wa pamsika amawadziwa kale, chifukwa amatumidwa kukaphwanya K1,000 kuti papezeke chenje. Amadziwa kuti ndalama ikaphwanyidwa kukhala K500 ziwiri, mphamvu yake sisintha. Nambala nayonso ikaphwanyidwa sisintha. Chofunika n'chakuti chigawo chilichonse chichulukitsidwe, osasiyako ngakhale chimodzi.

Gawo loyamba: thireyi ya mazira

Mwana asauzidwe lamuloli ngati chinthu choloweza. Alione kaye ndi maso, aligwire ndi manja. Thireyi ya mazira ndi chida chabwino kwambiri chifukwa ili ndi mizere 5 ya mazira 6, zomwe zimakwana 30. Thireyi yopanda mazira imagwiranso ntchito: m'maenje mwake muikidwe timiyala, nyemba kapena zitsekerero za mabotolo.

Kholo ligoneke kachingwe pathireyi kuti mzere uliwonse ukhale ndi mazira 4 mbali imodzi ndi 2 mbali inayo, kenako lifunse mafunso.

"Mizere ilipo ingati apa, mwanangu?"

"Isanu, amayi."

"Mbali ino ya chingwe, mzere uliwonse uli ndi mazira angati?"

"Anayi. Ndiye kuti onse ndi 20."

"Nanga mbali iyo?"

"Awiri pamzere, onse ndi 10."

"Ukaphatikiza?"

"Akwana 30, amayi, chimodzimodzi poyamba paja."

Kenako chingwe chisunthidwe kuti mbali ina ikhale ndi 5, ina 1. Mwana apeza 25 ndi 5, zomwe ndi 30 yemweyo. Chisunthidwenso pakati penipeni, apeza 15 ndi 15. Apa mwana amadzionera yekha kuti chingwe sichichotsa dzira kapena kuwonjezera lina, chimangogawa ntchito yowerenga kukhala ziwiri zopepuka. Aonenso kuti mizere isanu ija ilipo mbali zonse ziwiri za chingwe. N'chifukwa chake 5 amachulukitsa zigawo zonse ziwiri.

Phunziro ili lisathamangidwe. Masiku awiri kapena atatu akusewera ndi chingwe ndi amene amamanga maziko a zonse zotsatira.

Gawo lachiwiri: matebulo ovuta

Ana ambiri sachedwa kuloweza matebulo a 2, 5 ndi 10. Amene amawavuta ndi a 6, 7, 8 ndi 9. Kuphwanya kumathandiza mwana kupeza yankho lomwe waiwala pogwiritsa ntchito matebulo omwe akuwadziwa.

Mwachitsanzo, 7 × 8 amasokoneza ngakhale akuluakulu. Mwana aphwanye 8 kukhala 5 ndi 3. Ndiye 7 × 5 ndi 35, 7 × 3 ndi 21, zonse 56.

Pa 6 × 7 aphwanye 6 kukhala 5 ndi 1. Ndiye 5 × 7 ndi 35, kuwonjezerapo 7 mmodzi ndi 42.

Tebulo la 9 limaphweka likachokera pa 10. Pa 9 × 6 mwana aganize 10 × 6, yemwe ndi 60, kenako achotsepo 6 mmodzi, patsala 54.

Tebulo la 12 ndi lofunika kwa ogulitsa zinthu za m'madazeni. Madazeni 8 ndi 8 × 10 kuphatikiza 8 × 2, ndiye kuti 80 ndi 16, zomwe ndi 96.

Kuloweza matebulo kukadali kofunika chifukwa kumapangitsa mwana kukhala wachangu. Koma mwana wongoloweza akaiwala amangoima, pomwe wodziwa kuphwanya amapeza podutsira.

Gawo lachitatu: makumi ndi zotsala

Mwana akazolowera manambala ang'onoang'ono, apatsidwe opitirira 10. Apa nambala iphwanyidwe potengera makumi. Pa 6 × 14, 14 ndi 10 ndi 4. Choncho 60 kuphatikiza 24 ndi 84. Pa 4 × 27, 27 ndi 20 ndi 7, ndiye 80 kuphatikiza 28 ndi 108.

Asanapitirire, kholo litsimikize kuti mwana akudziwa kuchulukitsa ndi 10, 100 ndi 1,000. Ngati 7 × 3 ndi 21, ndiye kuti 7 × 30 ndi 210, 7 × 300 ndi 2,100, ndipo 7 × 3,000 ndi 21,000. Izi n'zofunika kwambiri masiku ano pomwe mitengo ili ndi maziro ambiri. Ndalama ya pepala ya K5,000 idayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Zinthu zomwe kale zinkawerengedwa m'mahandiredi tsopano zili m'masauzande, kotero kuphonya ziro mmodzi ndi kutaya ndalama yooneka.

Gawo lachinayi: ndalama zenizeni

Apa ndi pomwe phunziro limafika pabenchi. Kholo lidule timapepala n'kulembapo K200, K100 ndi K50 kuti tikhale ngati ndalama. Pa mabanzi 7 aja, mwana apange milu 7, mulu uliwonse ukhale ndi K200, K100 ndi K50, zomwe ndi K350, mtengo wa banzi limodzi.

Akatha, asonkhanitse ma K200 onse pamodzi. Apezeka 7, omwe ndi K1,400. Asonkhanitse ma K100, apezekanso 7, omwe ndi K700. Ma K50 nawonso ndi 7, omwe ndi K350. Kuwonkhetsa K1,400, K700 ndi K350 kukupereka K2,450, yankho lomwe lija.

Sewero ili likuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, nambala itha kuphwanyidwa m'zigawo zitatu kapena kuposerapo, yankho osasintha. Chachiwiri, mwana akuona ndi maso kuti ma K50 alipo 7, osati mmodzi. Ichi ndicho chimateteza cholakwa chachikulu chomwe chafotokozedwa m'munsimu.

Gawo lachisanu: kuyamba pamwamba n'kuchotsera

Mitengo ina imakhala pafupi ndi nambala yathunthu, monga K950, K480 kapena K1,990. Pamitengo yotere n'kwapafupi kuyamba pa nambala yathunthuyo kenako n'kuchotsera.

Kasitomala akagula sopo 8 pa K950, mwana aganize kuti K950 ndi K1,000 kuchotsapo K50. Ndiye 8 × K1,000 ndi K8,000, ndipo 8 × K50 ndi K400. Kuchotsera, patsala K7,600.

Milu 6 ya anyezi pa K480 ndi 6 × K500, yomwe ndi K3,000, kuchotsapo 6 × K20, yomwe ndi K120. Yankho ndi K2,880.

Njira yomweyi imagwira pa chiwerengero cha katundu. Mapaketi 19 pa K300 ndi mapaketi 20, omwe ndi K6,000, kuchotsapo paketi imodzi ya K300. Yankho ndi K5,700.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuphwanya mbali zonse

Ili ndi la ana a Sitandade 5 kupita m'tsogolo. Manambala onse awiri akakhala aakulu, monga 23 × 14, onse atha kuphwanyidwa. Mwana ajambule bokosi pansi kapena pakatoni, aligawe kukhala zipinda zinayi. Pamwamba alembe 20 ndi 3, m'mbali alembe 10 ndi 4. Chipinda chilichonse chidzazidwe pochulukitsa nambala ya pamwamba pake ndi ya m'mbali mwake.

Chipinda choyamba: 20 × 10 = 200
Chachiwiri: 3 × 10 = 30
Chachitatu: 20 × 4 = 80
Chachinayi: 3 × 4 = 12

Zonse pamodzi ndi 322. Ubwino wa bokosi ndi wakuti chipinda chikatsala chopanda kanthu chimaonekeratu, mwana n'kudziwa kuti sanamalize.

Zolakwa zomwe zimadya mpamba

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuchulukitsa chigawo choyamba chokha. Pa mabanzi 7 a K350, mwana amapeza K2,100 n'kungowonjezerapo K50 mmodzi, n'kutchula K2,150. Apa K300 yapita, pafupifupi banzi lathunthu laperekedwa ulere. Zikachitika kasanu patsiku ndi K1,500, ndipo pamasiku 6 ndi K9,000. Kholo likaona cholakwachi lisangotchula yankho lolondola. Libweze mwanayo kutimapepala tija, limufunse kuti, "Ma K50 analipo angati?"

Chachiwiri ndi cha kuchotsera. Pa sopo 8 wa K950, mwana amachotsa K50 mmodzi yekha pa K8,000 n'kutchula K7,950. Apa woberedwa ndi kasitomala, yemwe walipira K350 yowonjezera. Akakazindikira kunyumba sanena kuti mwana walakwitsa samu, amati pabenchi paja amaba, ndipo mawa amakagula pena.

Chachitatu ndi cha manambala awiri aakulu. Pa 23 × 14 ana ena amachulukitsa makumi okhaokha ndi zotsala zokhazokha, n'kupeza 200 ndi 12, zomwe ndi 212. Asiya zipinda ziwiri, 30 ndi 80. Mankhwala ake ndi kujambula bokosi mpaka chizolowezi chikhazikike.

Chachinayi chimakhudza kugawa, ndipo apa ngakhale akuluakulu ayenera kusamala. Ndalama yomwe ikugawidwa itha kuphwanyidwa. Anthu 4 akamagawana K8,400, aphwanye kukhala K8,000 ndi K400. Aliyense alandira K2,000 ndi K100, zomwe ndi K2,100. Koma chiwerengero cha anthu ogawana sichiphwanyidwa motero. Amayi 6 akabwereka galimoto ya K12,000 kuti inyamule matumba a mtedza kuchokera ku Mgona, aliyense asonkha K2,000. Wina akati aphwanye 6 kukhala 4 ndi 2, apeza K3,000 ndi K6,000, n'kuwonkhetsa K9,000 pamunthu, yankho lomwe lingayambitse ndewu. Mwana adziwe kuti pogawa, chophwanyidwa ndi ndalama yokha.

Kubwerera m'mbuyo: kusonkhanitsa

Lamuloli limayendanso chobwerera. Ngati zinthu zosiyana zili ndi mtengo umodzi, ziwerengedwe pamodzi kaye, kuchulukitsa kubwere pambuyo. Kasitomala akagula mandasi 4 ndi zitumbuwa 6, chilichonse pa K150, palibe chifukwa chopezera K600 ndi K900 padera. Zinthu zonse ndi 10, ndiye K1,500. Koma mitengo ikasiyana, monga mandasi pa K200 ndi zitumbuwa pa K150, chilichonse chiwerengedwe pachokha: K800 ndi K900, zonse K1,700.

Pomwe mwini geni amapindulira

Kholo lomwe likuphunzitsa mwana lipeza kuti samu yomweyi ikuunikira geni yake. Nazi mbali zinayi.

Phindu lenileni. Wogulitsa mazira waoda thireyi pa K12,000, kutanthauza K400 dzira limodzi, ndipo akugulitsa pa K500. Phindu pa dzira ndi K100, pa mazira 30 ndi K3,000. Yankholi ndi lofanana ndi kuchotsa K12,000 pa K15,000 ya malonda onse. Komatu thireyi siyenda yokha kufika ku Area 47. Ngati thiransipoti yadya K900 pathireyi, ndipo mazira 3 asweka panjira, ogulitsidwa ndi 27. Mazira 27 pa K500 ndi K15,000 kuchotsapo K1,500, zomwe ndi K13,500. Ndalama yolowa pathireyiyo ndi K12,900. Phindu lomwe linkaoneka ngati K3,000 latsala K600 basi, ndipo tikiti ya msika ndi majumbo sizinachotsedwe. Wogulitsa amene amawerengera motere amadziwa msanga ngati ayenera kukweza mtengo, kusintha konyamulira kapena kuoda mathireyi ambiri paulendo umodzi.

Kunenerera. Kasitomala wogula zinthu 12 akati, "Mayi, chotsaniko K50," wogulitsa afunse kaye kuti ndi pa chinthu chilichonse kapena pa zonse. Kuchotsa K50 pa zonse ndi K50 basi. Kuchotsa K50 pa chilichonse ndi 12 × K50, yomwe ndi K600. Mawu ndi amodzi koma kusiyana kwake ndi K550. Basela naye awerengedwe chimodzimodzi. Tomato mmodzi woikira pa mulu uliwonse, pa milu 40, ndi tomato 40. Ngati mulu umakhala ndi tomato 5, ndiye kuti milu 8 yapita mwaulere.

Mitengo ikakwera. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Paketi ikakwera ndi K150, sipafunika kuwerengeranso belo lonse. Ndalama yowonjezera ndi 20 × K150, yomwe ndi K3,000 pabelo. Wa hokala wofuna mabelo 3 anyamule K9,000 yapadera popita kukaoda. Mbali inayo, belo likakwera ndi K4,000, paketi iliyonse iyenera kukwera ndi K200 kuti phindu likhale lomwe lija.

Chiwongoladzanja. Wokongola K45,000 ku banki m'khonde pa 20 peresenti aphwanye ndalamayo kukhala K40,000 ndi K5,000. Pa K10,000 iliyonse chiwongoladzanja ndi K2,000, choncho pa K40,000 ndi K8,000, ndipo pa K5,000 ndi K1,000. Chonse ndi K9,000, ndipo yobweza ndi K54,000. Asanasayine, wamalonda adzifunse ngati katundu amene akukaoda ndi K45,000 abweretse phindu loposa K9,000 tsiku lobweza lisanafike.

Nanga kakyuleta ya pafoni?

Kakyuleta ndi yabwino, makamaka powerengera madzulo. Koma foni imatha moto magetsi akazima, ndipo nthawi zambiri imapita ndi mwini wake kooda. Kuposa apo, kakyuleta imayankha chomwe chala chadina. Munthu akadina 35 m'malo mwa 350, imatulutsa 245 mosakayika. Mwana wodziwa kuti 7 × 300 payekha ndi 2,100 amazindikira nthawi yomweyo kuti china chake chalakwika. Kuwerengera m'mutu ndiko kumalondera kakyuleta.

Phindu lake m'kalasi

Samu yochulukitsa yomwe ana amalemba m'makope mwawo, ya mizere iwiri kenako kuwonkhetsa, ndi lamulo lomweli. Pa 23 × 14, mzere woyamba ndi 23 × 4, yemwe ndi 92. Mzere wachiwiri ndi 23 × 10, yemwe ndi 230. Kuwonkhetsa ndi 322. Ana ambiri amaloweza kuti pamzere wachiwiri amayamba ndi kuika ziro koma sadziwa chifukwa chake, motero amamuiwala. Wodziwa kuphwanya amadziwa kuti 1 wa mu 14 akuimira 10, ndipo ziro uja ndi wa 10 ameneyo.

Masamu ndi limodzi mwa maphunziro a pamayeso a Sitandade 8 omwe bungwe la MANEB limalembetsa. Ku sekondale lamuloli limabweranso ndi zilembo, monga 7(a + b) = 7a + 7b, ndipo limagwiritsidwa ntchito mpaka pamayeso a MSCE. Wophunzira yemwe amalemba 7a + b akuchita cholakwa chomwe chija cha kuiwala kuchulukitsa K50.

Thandizo la kunyumba ndi lofunika chifukwa chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi m'sukulu zambiri za boma ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone kope la mwana aliyense tsiku lililonse. Pakafukufuku wa SACMEQ wa 2007, yemwe adayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, Malawi idali m'gulu la mayiko a kumapeto pa masamu. Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi boma la Britain, udayambitsa National Numeracy Programme pofuna kukonzanso kaphunzitsidwe ka masamu m'Sitandade 1 mpaka 4. Kholo la pamsika lili ndi zipangizo zomwe sukulu zambiri zimasowa: mazira, milu ya tomato, ndalama ndi makasitomala enieni.

Njirayi ndi yakale kwambiri ndipo mbiri yake yolembedwa imapezeka mu Africa momwemuno. Chikalata cha masamu cha ku Egypt chotchedwa Rhind Papyrus, chomwe mlembi Ahmes adakopera cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe ndipo chimasungidwa ku British Museum mumzinda wa London, chimaonetsa anthu akuchulukitsa powirikiza kawiri n'kuwonkhetsa. Mwa njira yawoyo, 13 × 24 amapezeka powirikiza 24 kukhala 48, 96 ndi 192. Popeza 13 ndi 8, 4 ndi 1, amawonkhetsa 192, 96 ndi 24 n'kupeza 312. Euclid wa ku Alexandria adaonetsa lamuloli ndi zojambula cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo dzina lomwe lili m'mabuku lero lidachokera kwa katswiri wa ku France, François-Joseph Servois, mu 1814.

Kaphunzitsidwe kabwino

Mphindi 10 patsiku n'zokwanira, makamaka nthawi yomwe makasitomala achepa. Mwana azinena mokweza momwe waphwanyira nambala, chifukwa yankho lolondola litha kubwera mwamwayi, koma njira ndi imene imaonetsa ngati wamvetsa. Aloledwe kuphwanya m'njira yakeyake. Ngati pa 8 × 25 wasankha 4 × 25 kawiri m'malo mwa 8 × 20 ndi 8 × 5, wakhoza, chifukwa zonse zikupereka 200.

Akalakwitsa asakalipidwe pamaso pa makasitomala. Mwana wochita mantha amasiya kuganiza n'kuyamba kulota mayankho. Atsikana ndi anyamata aphunzitsidwe mofanana. Ndipo kuthandiza pabenchi kukhale kwa nthawi yomwe sukulu yaweruka. Mwana wojombetsedwa kusukulu kaamba ka geni amataya zambiri kuposa chenje chomwe angapulumutse.

Zoyeserera za sabata ino

1. Milu 6 ya tomato pa K450.
2. Sopo 9 pa K1,200.
3. Mapaketi 5 a mchere pa K790.
4. Nthochi 13 ndi malalanje 7, chilichonse pa K120.
5. Wakabaza anyamula matumba 12 pa K250 thumba limodzi. Alandira zingati?
6. Kasitomala wagula mabanzi 7 pa K650 ndipo wapereka K5,000. Chenje chake ndi zingati?
7. Mwana wapeza kuti 6 × K1,250 ndi K6,250. Walakwitsa pati, ndipo geni yataya zingati?

Mayankho

1. K2,400 kuphatikiza K300 ndi K2,700.
2. K12,000 kuchotsapo K1,200 ndi K10,800.
3. K4,000 kuchotsapo K50 ndi K3,950.
4. Zipatso 20 pa K120 ndi K2,400.
5. K2,500 kuphatikiza K500 ndi K3,000.
6. K4,200 kuphatikiza K350 ndi K4,550, ndiye chenje ndi K450.
7. Sanachulukitse K250 ndi 6. Yankho lolondola ndi K6,000 kuphatikiza K1,500, zomwe ndi K7,500. Geni yataya K1,250.

Mwana akakhoza mafunso asanu mwa 7 amenewa popanda foni, kholo lisinthe manambala n'kuikapo mitengo yeniyeni ya pabenchi pake. Akalephera funso 1 kapena 7, abwerere kutimapepala ta ndalama. Akalephera 2 kapena 3, abwereze gawo la kuchotsera. Kufikira atazolowera, kholo limusiyire katoni yolembedwa mitengo ya katundu aliyense kuyambira chinthu chimodzi mpaka 10, ndipo katoniyo alembe ndi mwanayo mwini, pogwiritsa ntchito njira yophwanya.